Musanandiuze kuti Linux ndi yaulere, ndibwerekeni kaye hadi disiki

Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10. Laputopu imayakabe monga kale, koma zigamba zotseka mipata yolowera mavairasi sizikubweranso, pokhapokha utalembetsa ndondomeko yapadera yoonjezera chaka chimodzi. Windows 11 nayo imafuna kachipangizo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, zinthu zomwe malaputopu athu ambiri a kaunjika, ogula ku Limbe kapena otumizidwa ndi achimwene a ku Joni, alibe. Ndiye m'magulu a WhatsApp a ophunzira mwabuka alaliki. Ukangodandaula kuti makina akuchedwa, wina wayankha kale: ika Linux, ndi yaulere, ilibe mavuto.

Ine ndine mmodzi wa otembenuka mtima, ndipo izi ndikulembera pa Ubuntu. Sindikuganiza zobwerera. Koma ndili ndi mlandu ndi alalikiwa, ndipo mlanduwo unayambira ku Kachulu.

Amene simunafikeko, Kachulu ndi doko la kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, makilomita pafupifupi 30 kuchokera mumzinda wa Zomba, pomwe mabwato opita ku chilumba cha Chisi amanyamukira. Ndinakhala kumeneko masabata asanu kwa azakhali anga, ndikuchita kafukufuku wa chaka chomaliza. Funso langa linali lakuti mabanja a asodzi amapulumuka bwanji nyanja ikaphwa. Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosaya, ndipo mvula ikavuta zaka zotsatizana imauma: zinachitika mu 1968, mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka matope osweka. Ndinajambula mawu a anthu 14, asodzi, amayi owamba matemba ndi milamba, ndi agogo ena a ku Chisi amene anaona ndi maso awo chilala cha 1968. Foni yanga imadzadza msanga, choncho madzulo aliwonse ndinkasamutsira mawuwo pa laputopu n'kuwafufuta m'foni kuti mawa mupezeke malo. Gwirani mfundo imeneyi: chilichonse chinali pamalo amodzi.

Laputopuyo inali itandikwana. Kuyaka kokha inkadya mphindi zingapo za batire lomwe ndinkalipira kutchaja pa sola ya ometa tsitsi, ndipo vairasi ya pa flashi inali itasandutsa mafoda anga kukhala tinjira tosatseguka. M'chikwama ndinali ndi flashi yomwe mnzanga wina wophunzira za makompyuta anandipatsa tisanatseke sukulu. Mawu ake ndimawakumbukira bwino: "Aise, ingodina Next, Next, zitheka zokha."

Usiku wina ndinadinadi. Pulogalamu yoikira inandifunsa ngati ndikufuna kuika Ubuntu pambali pa Windows, kapena kufufuta disiki n'kuika Ubuntu yokha. Inandichenjezanso kuti mafayilo atayika. Chingerezi ndimachimva, ndipo chenjezolo ndinaliwerenga. Vuto linali lakuti pa Windows ndinazolowera kuona C ndi D, ndipo m'mutu mwanga amenewa anali madisiki awiri. Windows inali pa C, kafukufuku wanga pa D, ndiye ndinati afufute C yakeyo, yandizunza mokwanira. Sindinkadziwa kuti C ndi D ndi zipinda ziwiri za nyumba imodzi, ndipo ine ndinalamula kuti agwetse nyumba.

M'mawa mwake laputopu inayaka mwachangu chomwe sindinachionepo. Ndinasangalala kwa mphindi ngati khumi. Kenako ndinayamba kufunafuna D.

Apa ndi pomwe ndinawonjezera chilonda. Poganiza kuti D wangobisala, ndinalumikiza foni ndi chingwe kuti laputopu ipeze intaneti, popeza Wi-Fi yake inali isanayambe kugwira, n'kuyamba kutsitsa chilichonse chomwe anthu a pa intaneti ankati chingathandize. Ndinalolanso kuti itsitse zosintha zonse. Bandulo ya mwezi inatha tsiku limodzi, ndili chiimire pachulu pomwe netiweki imagwirako bwino. Nditamuimbira mnzanga uja madzulo, anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Zimitsa pompano. Usayatsenso mpaka ufike kuno." Pa malangizo onse amene anandipatsa, awa okha ndi amene anali athunthu, ndipo anabwera mochedwa ndi tsiku limodzi.

Chifukwa chake ndi ichi, ndipo ndikanakonda wina akanandifotokozera ndisanagwire flashi ija. Disiki ikafufutidwa mwa njira imeneyi, zomwe zili m'mafayilo sizichoka nthawi yomweyo. Chimene chimachoka ndi kaundula wonena kuti fayilo yakuti ili pamalo akuti. Zili ngati buku la amfumu lapsa koma nyumba za m'mudzi zilipobe. Kompyuta, posaona kaundula, imayesa kuti malo onse ndi thengo, ndipo chilichonse chatsopano imachimanga pamwamba pa zakale. Ubuntu yomwe ndinaika inali itaphwanya kale nyumba zina. Pulogalamu iliyonse yomwe ndinatsitsa pachulu paja inaphwanya zinanso.

Ndinakwera njinga yamoto kubwerera ku Zomba, laputopu nditaikulunga m'chitenje cha azakhali chifukwa cha fumbi. Tinabwereka hadi disiki yakunja kwa mtsikana wina wa chaka chachitatu, chifukwa zomwe ukupulumutsa sungazisunge pa disiki yomwe ukuzifukulayo. Tinayatsa laputopu kuchokera pa flashi, osakhudza disiki yam'kati, n'kuyendetsa PhotoRec, pulogalamu yaulere yomwe imabwera limodzi ndi TestDisk, zonse zolembedwa ndi Christophe Grenier wa ku France. PhotoRec sisamala za kaundula. Imayenda disiki yonse kuyambira koyamba mpaka kumapeto, ikuzindikira mtundu wa fayilo poona mmene yayambira. Inagwira ntchito usiku wonse ndi theka la tsiku lotsatira.

Zomwe imabweza zimabwera zopanda mayina, zopanda mafoda ake. Ndinapeza zikwizikwi za mafayilo otchedwa f ndi manambala, atawunjikidwa m'mafoda a recup_dir, zithunzi za maliro a agogo anga zitasakanikirana ndi tizithunzi ta Windows ndi nyimbo za mwini laputopu woyamba amene sindinamuonepo. Masiku atatu ndinangokhala ndi mahedifoni, kutsegula imodzi imodzi. Mwa anthu 14 aja, mawu a 9 anabwera athunthu, a 3 anabwera oduka, a 2 sanapezeke. Ndipo ndinachita mwayi kuti laputopu yanga ndi yakale, ya disiki yozungulira. Pa SSD, makina amatha kupukutiratu malo omwe auzidwa kuti ndi opanda ntchito, moti nthawi zambiri PhotoRec imabwerako chimanjamanja.

Tsopano mlandu wanga. Sindikuimba mlandu amene anapanga Ubuntu. Anandichenjeza, ndinadina ndekha. Ndikuimba mlandu chizolowezi chathu cholalikira theka la uthenga. Mawu akuti "yaulere" amanena za laisensi basi. Sanena kuti fayilo yoikira Ubuntu 24.04 ndi pafupifupi 6 GB, yomwe pa Wi-Fi ya kusukulu si kanthu koma ku Kachulu ndi ndalama ya ndiwo za sabata. Sanena kuti kuno mapulogalamu amayenda pamanja: wina ali ndi setup pa flashi, akupatsa, waika popanda intaneti. Pa Linux njira yachizolowezi ndi kutsitsa, ndipo pulogalamu imodzi imakoka tizidutswa tina tambiri tomwe imadalira. Njira imeneyi ndi yabwino, ndi yaukhondo kuposa ma setup athu odzala ndi mavairasi, koma inapangidwa ndi anthu amene intaneti kwawo ili ngati madzi a pampopi. Nthawi zina ngakhale chothandizira kuti Wi-Fi igwire chimafunika kuchitsitsa pa intaneti, ndiye taganizani munthu woyamba kumene, ali yekha, alibe wina womuuza za chingwe cha foni.

Sanenanso za moyo wa m'kalasi. LibreOffice imalemba bwino, koma mutu wachitatu wa kafukufuku wanga utatsegulidwa pa Word, matebulo anasuntha ndipo manambala a masamba anasokonekera. Masiku ano ndimatumiza ndi PDF yomwe. Kusanthula manambala ambirife tinaphunzira pa SPSS, ndiye ukasamuka uyenera kuzolowera PSPP, jamovi kapena R, ndipo nthawi yozolowera imeneyo palibe amakuchotsera pa tsiku lopereka ntchito. Zina zinandiyendera bwino kuposa kale, ndisabise. QGIS, yomwe ndinajambulira mapu a gombe, imathamanga pa laputopu yomweyi popanda kupuma, ndipo vairasi ya pa flashi ija sinandipezenso.

Ena anditsutsa kuti nkhani yangayi ndi umboni woti tingokhala pa Windows yathu yobedwayo, yomwe tinaizolowera. Sindikuvomera. Makina osalandira zigamba, odzala ndi mapulogalamu othyoledwa, ndiwo timasungapo mawu a anthu amene tinawalonjeza chinsinsi posaina fomu ya chilolezo. Imeneyonso ndi ngozi, kungoti imabwera mwakachetechete. Laputopu ya zaka khumi yomwe Windows 11 yaikana ikhoza kutumikira wophunzira mpaka kumaliza digiri ngati ili pa Ubuntu kapena Linux Mint, ndipo m'dziko lomwe laputopu yatsopano ndi loto kwa mabanja ambiri, imeneyi si nkhani yaing'ono. Kusamuka n'koyenera. Chomwe ndikukana ndi kusamutsa munthu pomuponyera flashi.

Alaliki amakonda kutikumbutsa kuti dzina la Ubuntu, lomwe Mark Shuttleworth wa ku South Africa anasankha poyambitsa ntchitoyi mu 2004, ndi lija ife timati umunthu. Chabwino. Ndiye umunthuwo uyambe ndi funso lakuti mafayilo ako ali kuti, ndipo kope lina lili kuti. Ngati yankho ndi lakuti ali pa D, musapereke flashi. Perekani hadi disiki, mukhale naye pansi mpaka zonse zitakoperedwa ndipo mwatsegula zingapo kuti muone ngati zikutseguka. Flashi yomweyo imalola kuyesa Ubuntu osaika, ndipo pamenepo ndi pomwe mungadziwire ngati Wi-Fi ndi sipika zikugwira. Zonsezi zichitikire kusukulu, kumayambiriro kwa semesita, komwe kuli magetsi, intaneti ndi anthu ofunsa. Magulu a ophunzira za makompyuta akhoza kupatula Loweruka limodzi la ntchito imeneyi, ndipo ine ndidzabwera ndi hadi disiki yanga, popeza tsopano ndinagula. Wa chaka chomaliza amene ali pakati pa kafukufuku muzimubweza, abwere akapereka.

Nanenso ndinasintha. Mawu ndikajambula sindiwachotsa m'foni mpaka atakhala malo ena awiri, ndipo ndikafika pa Wi-Fi ndimawakweza pa Google Drive, pomwe 15 GB yoyamba salipiritsa.

Mwa mafayilo atatu oduka aja, imodzi inali ya agogo a ku Chisi. Tinacheza pafupifupi ola lathunthu, koma zinatsala ndi mphindi 11, ndipo zimadukira pomwe ankayamba kufotokoza mmene anayendera wapansi pamatope mu 1968 kukafuna chakudya kumtunda. Ndinakweranso bwato kubwerera. Ndinawapeza akusoka ukonde, ndinagwada, n'kufotokoza mmene ndikanathera kuti makina anataya mawu awo. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwana wanga, ndinakuuza zonse tsiku lija. Iwe sunkamva, ankamva ndi makinawo?"

Anafotokozanso, koma mwachidule, mphindi 20 zokha, ndipo dzina la mudzi womwe anakagona paulendowo, lomwe ndikukumbukira kuti analitchula koyamba kaja, ulendo uno linawathawa.