Dziko silinagwe chifukwa amayi ndi olephera

Amayi, atsikana, nanunso abambo amene mumawerenga tsamba lino mwakachetechete, takhalani pansi tikambirane.

Taonera Y: The Last Man mpaka gawo lomaliza, ndipo tili nawo mawu. Kwa amene simunaonere: ndi sewero la pa TV la ku America lomwe linayamba kuonetsedwa mu Seputembala 2021. Linachokera m'mabuku a nthano ya zithunzi a Brian K. Vaughan ndi Pia Guerra, omwe ankatuluka kuyambira 2002 mpaka 2008. Tsiku lina, anthu ndi nyama zoyamwitsa zonse zokhala ndi chromosome ya Y, imene amuna amabadwa nayo, zikungogwa n'kufa nthawi imodzi. Opulumuka ndi awiri basi: mnyamata wina, Yorick Brown, ndi kapusi kake, Ampersand.

Zotsatira zake n'zoopsa. Ndege zikugwa, magalimoto atseka misewu, magetsi azima, chakudya chikusowa. Ndiye apa abale ena amadziguguda pachifuwa: mwaonatu, popanda ife simungathe. Eti? Ayi, mwaonera ndi diso limodzi.

Tadzifunsani: n'chifukwa chiyani ndege zagwa? Chifukwa pampando woyendetsa munakhalapo nokha. Magetsi azimiranji? Chifukwa zaka zonsezi mwana wamkazi akafuna za uinjiniya mumati si ntchito yake, apite akaphike. Munthu watseka nkhokwe, makiyi waika m'thumba, wapita nawo kumanda, ndiye ana akagona ndi njala tiziti mayi wawo ndi waulesi? Chimene seweroli likutionetsa ndi mtengo wa tsankho. Dziko limene limasunga luso m'manja mwa theka la anthu ake ladzikumbira lokha dzenje.

Onani za Jennifer Brown, amene Diane Lane akusewera. Ndi phungu, ndipo akukhala pulezidenti chifukwa amene anali patsogolo pake pamzere wa utsogoleri afa. Sanapume n'komwe, ena ayamba kale kufunsa ngati mpandowo ndi wakedi. Ifetu izi si zachilendo. Mu Epulo 2012, Bingu wa Mutharika atamwalira, malamulo anali omveka kuti wachiwiri wake, Joyce Banda, ndiye atenge udindo, koma analipo ofuna kumutsekereza. Mayi amapatsidwa chiwongolero galimoto italowa kale m'matope, kenako anthu n'kumati taonani mmene akuyendetsera.

Chomwe tachikonda kwambiri n'chakuti seweroli silinatipake mafuta. Amayi a m'menemu si angelo. Kimberly, mwana wa pulezidenti womwalirayo, akulimbana ndi Jennifer usiku ndi usana. Roxanne akusonkhanitsa amayi ozunzidwa, n'kusandutsa mabala awo kukhala chida chake cholamulira. Zoona zake n'zimenezo: nkhanza si za mwamuna yekha, ndipo ife sitimenyera ufulu chifukwa ndife oyera mtima. Timamenyera chifukwa ndife anthu. Ndiye kuli tauni ya Marrisville, komwe amayi omwe anali akaidi akuyendetsa zinthu bwinobwino, magetsi akuyaka, anthu akudya. Amene dziko linawataya ndi amene adziwa kukhalira limodzi.

Koma tisabise, pali potinyansa. Dziko ladzaza amayi, koma dzina la sewero ndi la mwamuna mmodzi yemwe watsalayo. Yorick ndi mwana wolemetsa: amuuze bisala, iye atulukira poyera, amuuze khala chete, iye pakamwa mpompo. Amene akumuteteza ndi Agent 355, mayi wachikuda amene Ashley Romans wamusewera mogwira mtima, ndipo amene akufufuza chomwe chamupulumutsa ndi Dr. Allison Mann. Amayi awiri anzeru akusenza mnyamata mmodzi, dzina n'kupita kwa iye. Kodi si mmene zimakhalira m'maofesi ndi m'makomo mwathu? Magawo oyamba nawonso akuyenda pang'onopang'ono, mpaka ena a ife tinasinza.

Chopweteka china nachi. Seweroli linatsogoleredwa ndi mayi, Eliza Clark, ndipo magawo onse 10 anawongoleredwa ndi amayi. Mu Okutobala 2021, gawo lomaliza lisanaonetsedwe n'komwe, eni kanema analengeza kuti silipitirira. Nkhani inathera panjira, amayi aja atangoyamba kumanga dziko lawo.

Ndiye tikuti lifuneni, mulionere, makamaka ndi ana anu aakazi osinkhuka, chifukwa muli magazi ndi zoopsa zosayenera tiana. Mukatha, musafunse kuti kodi amayi angathe popanda amuna. Funsani kuti m'dera lanu ndi amayi angati amene amadziwa kukonza mjigo, kulumikiza mawaya a magetsi kapena kuyendetsa lole, nanga anawaletsa ndani. Sitikufunira aliyense imfa. Tikungoti makiyi a nkhokwe tigawane tonse tikadali moyo.

Mwana wanu wamkazi akati akufuna kuphunzira za magetsi, mumuyankha chiyani? Tiuzeni m'munsimu.