Za Umoyo wa M'banja: Mtima wa Khanda ndi Ubongo Wake

Inu abambo ndi amayi a m'midzi ya kuno ku Neno, mwezi uno tikambirane za ana amene amabadwa ndi mtima wosapangika bwino. Musayese kuti ndi matenda a kwa Azungu okha, pakuti pa ana 100 obadwa, pafupifupi mmodzi amadza ndi chilema cha mtima, ku Dambe monganso ku London. Ambiri a iwo ali ndi kabowo kakang'ono pakati pa zipinda za mtima, kamene kawirikawiri kamatsekeka kokha, ndipo mwanayo amakula ngati anzake. Koma alipo ena a chilema chachikulu, ndipo ndiwo tikunena lero.

Mtima umayamba kugunda pakangopita masabata atatu chiyambire pakati, mayi asanaulule n'komwe kwa apongozi. Pofika kumapeto a mwezi wachiwiri zipinda zake zinayi zimakhala zitapangika. Ubongo ndiwo suchita changu chotere. Umakula mpaka tsiku lobadwa ndi kupitirira, ndipo m'miyezi itatu yomaliza umafuna chakudya ndi mpweya wochuluka ndithu.

Tsono mwana ali m'mimba sapuma ndi mapapo ake ayi. Mpweya wabwino, umene a kuchipatala amautcha okosijeni, amaulandira kwa amake kudzera mu nsengwa ndi chingwe cha mchombo. Magazi okoma amenewo akafika ku mtima amadutsa pa kakhomo kena kolowera kumanzere, nalunjika kumutu, kotero kuti ubongo umamwa poyamba, miyendo pambuyo. Aliyense amene analimapo dimba adziwa chimene chimachitika ngalande ikapatuka: madzi alipo, koma bedi limene linayenera kuthiriridwa lingolandira zotsalira. Ndi momwemonso mitsempha iwiri ikuluikulu yotuluka mu mtima ikasinthana malo, kapena mbali ya kumanzere ya mtima ikalephera kukula. Ubongo umalandira magazi ochepa mpweya, osati tsiku limodzi koma miyezi.

Kale anthu ankaganiza kuti ana otere akachedwa m'nzeru, ndi opaleshoni yawapweteka. Koma mu 2009 dokotala Daniel Licht ndi anzake ku Philadelphia anaunika mitu ya makanda a zilema ziwiri tanenazi asanawachite opaleshoni, napeza kuti ngakhale anabadwa masiku atakwana, ubongo wawo unali wotsalira pafupifupi mwezi umodzi. Mu 2010 Catherine Limperopoulos ndi anzake, poyesa ana akali m'mimba ku Boston, anaona kuti kutsalirako kumayamba m'miyezi yomaliza ya pakati. Chomwecho khanda lotere, lingakhale lioneke lokhwima, m'mutu mwake likunga lobadwa masiku asanakwane.

Apa ndipo pali mlandu wa m'mudzi. Mwana akachedwa kukhala pansi, kukwawa kapena kuyankhula, msanga timafunafuna wolakwa. Wina ati ndi tsempho, bambo sanasunge mwambo. Wina ati agogo a kuseri kwa phiri amulodza. Akafika kusukulu amuyesa waulesi, nam'menya. Ine ndinena kuti kumeneko ndi kusenzetsa banja katundu wachiwiri pamwamba pa woyamba. Mtima uja unapangika motero pakati pasanaoneke, ndipo pa ana ambiri palibe chimene mayi kapena bambo anachita chouwononga.

Zilipo komabe zina zimene munthu angapewe. Mu 1941 dokotala wa maso Norman Gregg wa ku Sydney anazindikira kuti mayi akadwala chikuku cha rubella kumayambiriro a pakati, mwana angabadwe ndi ng'ala ndi mtima wolumala. Kuno ku Malawi katemera wa chikuku chimenechi anayamba mu 2017. Ana anu aakazi asaphonye, pakuti ndiwo amayi a mawa. Mayi wa matenda a shuga akaonane ndi dokotala asanatenge pakati. Wakumwa mankhwala a khunyu achite chimodzimodzi, koma asawaleke yekha. Mowa, kaya kachasu kaya wamasese, woyembekezera ausiyiretu. Ndipo sikelo iyambike msanga, osadikira kuti pakati paoneke.

Mwana akabadwa, mumuyang'anitsitse poyamwa. Ngati atopa msanga nasiya bere, thukuta lili kamukamu pamphumi, ngati apuma mothamanga angakhale ali m'tulo, ngati lilime ndi nkhama zada monga za munthu wadya jambula, kapena ngati sikelo siikwera mwezi ndi mwezi, musataye masiku ndi zitsamba. Pitani naye ku chipatala cha pafupi, ku Matandani, ku Ligowe, ku Chifunga kapena kumene muli, ndipo munene zonse mwaona. Mu 2018 boma pamodzi ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo anatsegula makiliniki a matenda aakulu a mgonagona pa chipatala cha boma cha Neno ndi pa Lisungwi, kumene amaonanso odwala mtima. Ofunika kuunikidwa mozama amatumizidwa ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo ena ofunika opaleshoni akhala akupita nawo kunja, monga ku India.

Poyembekeza zonsezo, ubongo wa mwanayo ukukulabe, ndipo pamenepo ntchito ili m'manja mwanu. Muyamwitseni pang'onopang'ono koma kawirikawiri, pakuti sangathe kukhuta ulendo umodzi. Agone m'masikito, chifukwa malungo ndi chibayo zimamugwetsa msanga kuposa anzake. Muziyankhula naye, muzimuimbira, abale ake azisewera naye pamphasa, osangomusiya kumbuyo tsiku lonse. Mwezi umene wayamba kukhala, kuima ndi kutchula mawu muuze a kusikelo aulembe m'buku lake, ndipo tsiku lokamulembetsa sukulu mupite naye nokha, mukafotokozere aphunzitsi za mtima wakewo.