Kompyuta ikuthamanga, nanga kope lachiwiri lili kuti?

Wogula laputopu yakaunjika ku Lilongwe kapena pa boma la Dedza amafunsa chimodzi: "Imathamanga?" Bwanji sitifunsa zaka zimene hard disk yake yagwira ntchito kwa mwini wake woyamba? Kuno ku Kasina aphunzitsi amasungamo mayeso ndi malikisi a ana, alembi a banki m'khonde ngongole za anthu, makolo zithunzi za chinkhoswe ndi za agogo amene adatisiya. Disikiyo itafa mawa m'mawa, zonsezi tikazitola kuti?

M'kati mwa hard disk muli timbale tozungulira maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi, ndi kasingano koyandama pamwamba pake. Laputopu ikagwa ili yoyaka, kasinganoko kakhoza kukanda mbale, basi zatha. Disiki ya mtundu wa SSD ilibe choyenda m'kati, imapirira mabampu a pa kabaza popita ku Linthipe, ndipo imathamanga kangapo kuposa inzakeyo. Amene angathe agule ndithu. Koma ndani anatiuza kuti SSD siifa? Imafa, nthawi zambiri mosachenjeza, ndipo kuvuula zimene zinali m'menemo n'kovuta koposa.

Anyamata okonza makompyuta ena amatamanda RAID 0, yolumikiza madisiki awiri kuti fayilo iliyonse igawike, zidutswa zina uku, zina uko. Liwiro limakweradi. Kodi amatiuzanso kuti imodzi ikangofa, zonse zapita, ngakhale inayo ili bwinobwino? Liwiro limenelo n'lotani kwa munthu amene ntchito yake n'kulemba makalata ndi kuwerengera ndalama?

RAID 1 imaoneka yanzeru, chifukwa chilichonse chimalembedwa pa madisiki onse awiri. Imodzi ikafa, inayo imapitiriza. Nanga mwana akafufuta foda mwangozi? Yafufutika konsekonse. Vayirasi wobwera ndi fulashi ya kobena nyimbo amalowa monse muwiri. Mphezi ya mu Januwale ikadzera pa waya, kapena magetsi akabwerera ndi mphamvu yopyola muyezo, idzasankha disiki imodzi n'kusiya inayo m'bokosi lomwelo? Wakuba adzamasula imodzi kutisiyira? Tonse tikukumbukira kuthimathima kwa magetsi namondwe Ana ataononga Kapichira mu 2022, ndipo kuzima kwadzidzidzi kotero kumaononga fayilo imene ikulembedwa. Mlimi wa kachewere kuno sasunga mbewu ya chaka chamawa m'thumba limodzi ndi yodya. Ife tikusungiranji zonse pamodzi?

Akadaulo amalangiza makope atatu, pa zipangizo zamitundu iwiri, limodzi likhale kwina. Kwa banja la kuno zikutanthauza izi: Windows, mapulogalamu ndi mafayilo pa SSD, kenaka disiki yapadera ya USB yokoperapo Loweruka lililonse, n'kuizula, n'kukaisiya kwa m'bale. Kope lachitatu likhale pa intaneti: Google Drive imapereka 15 GB zaulere. Bandulo ya Airtel kapena TNM siingakwane mavidiyo a ukwati, n'zoona, koma satifiketi ya MSCE, mapepala a munda ndi kaundula wa ngongole zimadya mamegabaiti angati?

Ogulitsa makompyuta, muziwauza makasitomala zoona za zaka za disiki. Inu eni ake, musadikire kumva kompyuta ikulira kuti tcha-tcha-tcha. Koperani sabata ino, ndipo mutsegule kopelo muone ngati likuwerengeka.