Masamu si owerengera chenje chokha

Pali bodza limene takhala tikuuza ana athu kwa nthawi yaitali, ndipo lero ife tikufuna tilitsutse poyera. Bodzalo ndi lakuti masamu amathera pa kuwerenga chenje, moti mwana akangodziwa kuchulukitsa ndi kugawa ndiye kuti wamaliza, angathe kukayamba geni.

Amene mumadutsa pa chipata cha Mwami ku Mchinji mukuwadziwa anyamata osintha ndalama aja. Amatembenuza kwacha ya Zambia kukhala ya Malawi m'mutu momwemo, inu musanatulutse n'komwe foni. Mitu yakuthwa chonchija tikuigwiritsa ntchito yochepa zedi, chikhalirecho dziko lili ndi mafunso aakulu osowa owayankha.

Masamu amene tikunenawa inu a malonda mumawadziwa kale, kungoti simunawatchule dzina. Mukudziwa kuti kanjira ka kumunda kakatsekeka palibe amadandaula, koma mlatho ukaduka pa msewu wa M12 mtedza ndi soya wa ku Mkanda ndi Kapiri amavutika kufika ku Lilongwe. Misika ndi madontho, misewu ndi mizere yolumikiza madonthowo, ndipo zonse pamodzi ndi ukonde. Katswiri wina, Leonhard Euler, anayambitsa masamu a maukonde mu 1736 pofuna kudziwa ngati munthu angawoloke milatho 7 ya mzinda wa Königsberg osabwereza ndi umodzi womwe. Anapeza kuti n'kosatheka.

Ubongo nawonso ndi ukonde. Muli timaselo pafupifupi 86 biliyoni totumizirana mauthenga ndi timphamvu ta magetsi. Mu 1998, Duncan Watts ndi Steven Strogatz anaonetsa kuti ngakhale m'kanyongolotsi ka timaselo totere 302 tokha, timaselo timakhala m'timagulu, koma pali njira zochepa zachidule zofikitsa uthenga kutali msanga. Mu 2024 akatswiri anatulutsa mapu a ubongo wonse wa kantchentche ka pazipatso: timaselo pafupifupi 140,000 ndi malumikizano oposa 50 miliyoni. Palibe maso a munthu angathe kumvetsa zonsezo. Pamafunika anthu a masamu ndi makompyuta, ndipo imeneyi ndi ntchito yolembedwa, ya malipiro.

Tikumva kale wina akuti, "Nanga za ntchentche zitithandiza chiyani ife tikusowa feteleza?" Funso labwino ndithu. Yankho lake lili ku Blantyre konkuno.

Kwa zaka zambiri ana athu ankamwalira ndi malungo a mu ubongo madokotala osadziwa bwinobwino chimene chimawamaliza. Mu 2008 ku chipatala cha Queen Elizabeth kunabwera makina a MRI, amene chithunzi chake chimapangidwa ndi masamu. Mu 2015, Karl Seydel, Terrie Taylor ndi anzawo, kuphatikizapo dokotala wathu Sam Kampondeni, anasindikiza zimene anapeza mwa ana 168. Mwa ana 25 amene anamwalira, 21 anali ndi ubongo wotupa kwambiri, pamene mwa ana 143 amene anapulumuka, 39 okha ndiwo anali otero. Ubongo ukatupa umapanikiza malo oyendetsa kupuma, mwana n'kusiya kupuma. Kujambula ndi kuwerengera mosamala kunaulula chimene maliro ambirimbiri sanatiuze.

Nkhaniyi sinathere pomwepo ayi. Ena mwa ana opulumuka amadzayamba kudwala khunyu. Enanso amadwala khunyu chifukwa cha njoka za m'mimba zoyenda pakati pa nkhumba ndi anthu, vuto limene ofufuza analipeza kwa abale athu a ku Katete ndi Petauke, tsidya lina la malire omwewa. Khunyu si ufiti, abale. Ndi magetsi a mu ubongo amene asokonekera pamalo ena n'kufalikira potsata njira za ukonde uja. Makina a EEG amalemba magetsiwo ngati mizere yokwera ndi yotsika, ndipo akatswiri a masamu akufufuza mmene mizereyo ingasonyezere pamene vuto layambira ndi njira zimene ladzera. Bungwe la WHO likuti pafupifupi anthu 80 mwa 100 alionse odwala khunyu ali m'maiko osauka ndi apakatikati, ndipo mpaka 70 mwa 100 atha kusiya kugwa atalandira thandizo loyenera. Odwala ndi athu. Nanga owerengera akhale a eni mpaka liti?

Kwa inu ophunzira, njira ilipo. Imayambira pa kukhoza masamu pa MSCE, kaya muli ku Ludzi, ku Magawa kapena pa sukulu yoyendera ya kumudzi. Masamu amaphunzitsidwa ku University of Malawi ku Zomba, ku MUBAS, ku Mzuzu ndi ku MUST, ndipo ofufuza za umoyo ali ku KUHeS. Kunja kuli AIMS, sukulu ya masamu imene inatsegulidwa ku Cape Town mu 2003, ndipo ili ndi nthambi ku Senegal, Ghana, Cameroon ndi Rwanda. Imalipirira ophunzira a mu Africa amene yawasankha. Sitikunamizani, ulendowu ndi wautali, ndipo mnzanu wa kaunjika adzayamba ndiye kugula njinga yamoto. Koma pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kwa inu makolo a pamsika, mwana wodziwa masamu musamutulutse m'kalasi kuti azikusungirani ndalama za mu okala. Makamaka mwana wamkazi, amene timafulumira kumuuza kuti masamu ndi a anyamata. Ndani ananena zimenezo?

Kwa boma ndi bungwe la National Commission for Science and Technology, pempho lathu ndi lachidule. Tumizani aphunzitsi a masamu ophunzira bwino ku sukulu za m'maboma a m'malire. Ikani ndalama zoti wophunzira masamu azigwira ntchito limodzi ndi dokotala pa zithunzi ndi zolembedwa za odwala athu. Ndipo amene wapita kukaphunzira kunja apeze ntchito yomudikira pobwera, chifukwa munthu sadya satifiketi. Mukapanda kutero tidzangophunzitsira maiko ena, ife n'kumagula mayankho a matenda a ana athu pa mtengo wa madola.