Chuma cha pa Nkope si golide

Mwana akaonera filimu ya Indiana Jones m'kanyumba ka vidiyo pa Makokola, usiku amalota akufukula bokosi la golide. Tsoka ilo, akuluakulu ena amalota zomwezo dzuwa likuswa mtengo, n'kumakumba m'mapanga ndi m'manda akale.

Chuma chilipodi m'derali, koma si golide ayi. Pa Nkope, kufupi ndi Makokola, Keith Robinson adafukula mapale a miphika ya anthu osula zitsulo omwe ankakhala kugombeko zaka zoposa 1,500 zapitazo. Adasindikiza zomwe adapeza mu 1970, ndipo mpaka lero akatswiri amati miphika ya mtunduwu ndi ya Nkope.

Katswiri amakumba mwachifatse, kulemba pomwe chinthu chagona ndi kuya kwake, poti dothi ndi makala ndizo zimaulula zaka. Wosaka chuma amangofukula chisawawa, mbiri n'kufera pakhasu pake.

Makolo, musawaletse ana kulota, koma kawaonetseni zakale zenizeni ku Lake Malawi Museum paboma la Mangochi. Ndipo khasu likazula phale kapena mikanda kumunda, dziwitsani amfumu ndi aboma. Chogulitsidwa kwa mlendo sichibwerera.