Lole ikabwerera yopanda kanthu, amalipira ndi wamalonda

Dengu la tomato likakwera mtengo mumsika wa Lilongwe kapena ku Limbe, ogula amathamangira kunena mlimi kapena mvula. Koma amene amapikula ku Lizulu, ku Tsangano kapena ku Jenda amadziwa kuti ndalama yambiri imathera pamsewu. Chimene ambiri sawerengera n'chakuti gawo la ndalamayo limalipirira ulendo umene katundu wawo sanayende nawo n'komwe, ulendo wa lole yobwerera ilibe kanthu.

Mwini lole satchula mtengo wa hayala mongolota. Amawerengera mafuta opitira ndi obwererera, matayala, ndi malipiro a dalaivala ndi mnyamata wake. Lole ingakhale yopanda katundu imamwabe mafuta ambiri, chifukwa injini ikukokabe chitsulo cholemera matani angapo. Ndiye ikatsitsa mbatatesi m'tauni n'kubwerera chimanjamanja, mafuta obwererera aja amagawidwa pa matumba a mbatatesi omwewo.

Chowawa n'chakuti tsiku lomwelo, pamsewu womwewo wa M1, mwini golosale wa ku Lizulu wachita hayala galimoto yakeyake kukaoda shuga, mchere, sopo ndi mafuta ophikira ku Lilongwe. Galimoto yakeyo yapita yopanda kanthu. Magalimoto awiri adutsana, iliyonse yagwira theka la ntchito, koma mafuta apsa a maulendo anayi.

Makampani akuluakulu a mtengatenga masiku ano ali kalikiliki kukamba zochepetsa mpweya wa kaboni umene ukutenthetsa dziko ndi kusokoneza nyengo. Mayi wogulitsa kabichi akamva zimenezi angati ndi nkhani ya mabwana okumana m'mahotela, ndipo sakulakwa kwenikweni. Utsi wa Malawi ndi wochepa zedi poyerekeza ndi wa China kapena America, pamene mavuto ake amagwera osauka, monga zinachitikira mu Marichi 2023 namondwe Freddy atapha anthu oposa 1,000 m'chigawo chakummwera n'kukokolola milatho imene malonda amadutsira. Koma pali pamene nkhani ya mabwanayi imakumana ndi thumba la wamalonda wamng'ono. Lita imodzi ya dizilo ikapsa imatulutsa mpweya wa kaboni wolemera makilogalamu pafupifupi 2.7. Lole yomwa malita 40 paulendo yataya mumlengalenga makilogalamu oposa 100, kulemera koposa matumba awiri a feteleza. Malita 40 omwewo alipiridwa ndi munthu wina, ndipo munthuyo si mwini lole.

Mafutawo sakumbidwa kuno. Amadzera ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ogulidwa ndi ndalama zakunja zimene dziko likuzisowa. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense wochita geni anaona mmene mitengo ya katundu inalumphira. Amene anagonapo pamzere wa mafuta safunika kuuzidwa mtengo wa lita imodzi.

Njira yake siifuna mpamba. Ochita malonda asanu opikula malo amodzi akhoza kupangana tsiku limodzi, lole imodzi, n'kulipira potengera thumba kapena dengu, m'malo moti aliyense asake kagalimoto kakekake. Ambiri amachita kale zimenezi. Chimene chikusowa ndi katundu wobwerera naye. Apa ndi pamene makomiti a m'misika akugona. Komiti imene imatha kutolera ndalama za maliro ndi kuweruza milandu ya mabenchi singalephere kusunga kope, kapena gulu la WhatsApp, lolembamo kuti lole yakuti inyamuka tsiku lakuti kupita kwakuti ndipo ili ndi malo a matumba angati. Eni magolosale, ogulitsa malata ndi simenti, ndi alimi ofuna feteleza nyengo yadzinja ikayandikira, onsewa ndi katundu wobwerera naye. Dalaivala wodziwa kuti akapeza katundu pobwerera amavomera kutsitsa mtengo, ndipo wamalonda ali ndi poyambira kunenerera.

Zovuta zilipo, ndipo si zazing'ono. Katundu wa anthu ambiri akasakanizana, thumba limodzi likasowa pamabuka mkangano wothetsa chibale. Matumba alembedwe mayina, awerengedwe pokweza ndi potsitsa, ndipo mmodzi wa eni katundu akwere nawo. Si katundu aliyense amene amagonera limodzi: lole imene yanyamula usipa ikufunika kutsukidwa isanakweze shuga kapena ufa, ndipo feteleza ndi mankhwala a mbewu asayandikane ndi zakudya. Pali vuto linanso la nthawi. Tomato sadikira. Lole ikachedwa theka la tsiku podikira mnzawo amene sanamalize kupikula, phindu lonse latha, choncho ola lonyamukira likhale lokhazikika, wochedwa atsale.

Kudzaza lole sikutanthauza kuisanjikiza mpaka masipuling'i kugona. Lole yolemedwa imamwa mafuta ambiri pachitunda, imaphulitsa matayala, imagwidwa pasikelo, ndipo madengu apansi amafika ali phala. Tomato wophwanyika amene amatayidwa kuseri kwa msika anayenda ulendo wonse ndi mafuta olipiridwa. Makuleti apulasitiki ndi odula pogula, koma amasanjika bwino ndipo amateteza katundu kuposa dengu.

Zina n'zazing'ono koma zimadya ndalama mwakachetechete. Madalaivala ena amasiya injini ikulira ola lathunthu pamene anyamata akutsitsa katundu, akuti batire ndi lofooka. Matayala ochepa mpweya nawonso amawonjezera mafuta. Wochita hayala ali ndi ufulu wofunsa zimenezi, ndiponso wosankha lole yosafuka utsi wakuda, chifukwa utsi wakudawo ndi dizilo wosapsa bwino. Ndipo katundu akafika m'tauni, matumba awiri opita ku Kawale kapena ku Mchesi safuna galimoto. Njinga ya kabaza kapena wilibala imafikitsa popanda lita ngakhale imodzi.