Msonkhano wa asayansi pa chikumbutso: kodi wodwala apindulapo chiyani?

Mukamva pa wailesi kuti sukulu ya ukachenjede ikukonza msonkhano wa asayansi pokondwerera kuti nthambi yake ina yakwanitsa zaka zakutizakuti, mwina mumangosintha siteshoni. Mumaganiza za nsalu ya chikumbutso, mlendo wolemekezeka akudula keke, ndi zolankhula za m'Chingerezi chovuta.

Musafulumire kusintha. Mu 2026 pakukwana zaka 35 chitsegulireni College of Medicine ku Blantyre mu 1991, komanso zaka 5 kuchokera pomwe sukuluyi idaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing n'kukhala Kamuzu University of Health Sciences mu 2021. Zaka ngati zimenezi ndi zomwe nthambi za maphunziro zimakonda kukumbukira ndi misonkhano. Ngati nthambi ya biochemistry itakonza wake, zomwe okonzawo angaike pa ndandanda zikukhudza magazi omwe mumatengedwa kuchipatala ndi mankhwala omwe mumapatsidwa pa windo.

Kodi biochemistry n'chiyani?

Ndi sayansi yofufuza tinthu ting'onoting'ono tomwe timayendetsa thupi la chamoyo chilichonse, ndi momwe timasinthira munthu akadwala. Namwino akakubayani chala n'kukuuzani kuti shuga wakwera, ndi ntchito ya sayansi imeneyi. Chimodzimodzi dokotala akapempha kuti ayeze magazi kuti aone ngati impso kapena chiwindi zikugwira bwino ntchito. Kachipangizo koyezera malungo kaja, komwe kamaonetsa mizere iwiri, kamafunafuna puloteni yomwe tizirombo ta malungo timatulutsa m'magazi mwanu. Wophunzira udokotala aliyense amadutsa m'kalasi ya biochemistry m'zaka zake zoyambirira, asanayambe kugwira wodwala.

Phunziro lochokera ku kolokwini

Ngati mudakula m'zaka za m'ma 1980, kuwawa kwa kolokwini mukukukumbukira. Mankhwalawa adasiya kuchiza bwino, ndipo mu 1993 Malawi idakhala dziko loyamba mu Africa kuwasiya n'kuyamba kupereka Fansidar.

Chomwe chidalakwika chidamveka bwino patapita zaka. Kachirombo ka malungo kakalowa m'magazi kamadya gawo lofiira la magaziwo. Pakudyapo pamatsala zinyalala za poizoni zomwe kachiromboko kamaziumitsa kuti zisakaphe. Kolokwini amalowa m'kathumba komwe kachiromboko kamagayira chakudya n'kulepheretsa kuumitsako, ndipo kachiromboko kamafa ndi zinyalala zake zomwe. Mu 2000 asayansi adapeza kuti tizirombo tosamva mankhwala tidasintha puloteni imodzi yotchedwa PfCRT, yomwe idayamba kupopa kolokwini kumutulutsa m'kathumbamo.

Apa ndi pomwe Blantyre idadabwitsa dziko lonse. Ofufuza adayeza magazi omwe adasungidwa kwa zaka zambiri ndipo adapeza kuti mu 1992 tizirombo 85 pa 100 tinali ndi kusinthaku, pomwe mu 2000 tidatsala 13 pa 100. Kolokwini atachoka m'zipatala, tizirombo tosamva tija tidagonja kwa tinzake. Kafukufuku wa ana a ku Ndirande yemwe adasindikizidwa mu 2006 adaonetsa kuti kolokwini adachiza ana 99 pa 100, pomwe Fansidar adachiza 21 pa 100 okha. Mu 2007 boma lidasintha n'kuyamba kupereka LA.

Izi sizikutanthauza kuti mukagule kolokwini. Mankhwala ovomerezeka a malungo osafika pa kayakaya ndi LA, ndipo muyambe mwayezetsa. Phunziro lake ndi lakuti ntchito ya mu labotale, ikakumana ndi anthu opanga ndondomeko za boma, imasintha zomwe mwana wanu amamwa. Msonkhano wokonzedwa bwino ndi malo amodzi omwe mbali ziwirizi zimakumanirana.

Zoyenera kukhala pa ndandanda

Msonkhano wa chikumbutso umakopeka kuyang'ana m'mbuyo basi: adayambitsa ndani, woyamba kumaliza maphunziro adali ndani. Kulemekeza akuluakulu n'koyenera, koma theka la tsiku likwanira. Nthawi yotsalayo ipite ku mafunso omwe akugogoda pakhomo.

Loyamba ndi LA. Bungwe la WHO latsimikiza kuti ku Rwanda, Uganda, Eritrea ndi Tanzania kwapezeka tizirombo tomwe tikuchedwa kufa ndi artemisinin, gwero la mankhwala amodzi mwa awiri omwe ali mu LA. Chizindikiro chake ndi kusintha kwa puloteni yotchedwa Kelch13. Tanzania timagawana nayo malire, ndipo anthu amaoloka pa Songwe tsiku ndi tsiku. Akuyang'anira zimenezi kuno ndani, m'maboma angati, kangati pa chaka?

Lachiwiri ndi kachipangizo koyezera kaja. Ku Eritrea ndi ku Ethiopia kudapezeka tizirombo tosatulutsa puloteni ya HRP2 yomwe zipangizo zambiri zimafunafuna. Zikatero munthu amauzidwa kuti alibe malungo chonsecho ali nawo. Eritrea idachita kusintha mtundu wa zipangizo zake.

Lachitatu ndi matenda osapatsirana. Shuga ndi kuthamanga kwa magazi zimaononga impso mwakachetechete, ndipo kuyeza magazi msanga n'komwe kumaulula. Makina otsuka magazi a odwala impso ali m'zipatala zochepa, monga Kamuzu Central ndi Gulupu. Munthu wa ku Chitipa kapena ku Nsanje akafika kumeneko, nthawi zambiri zinthu zimakhala zitafika kale patali. Nanga kuyezako kungafike bwanji pa chipatala chaching'ono cha kwanu?

Lachinayi lili m'nkhokwe mwanu. Chuku cha pa mtedza ndi chimanga chosauma bwino chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, yemwe amaononga chiwindi ndipo angayambitse khansa. Poizoniyu satha ndi kuphika. Mlimi, wogaya chiponde ndi wogula onse akufuna njira yotchipa yodziwira ngati mbewu ili bwino.

Alipira ndani?

Funso ili lakula kuposa kale. Mu Januwale 2025 boma la United States lidaimitsa thandizo lake lambiri la kunja, ndipo bungwe la USAID lidatsekedwa m'chaka chomwecho. Ntchito za malungo ndi HIV kuno zakhala zikudalira kwambiri ndalama za kunja. Kuonjezera apo, pafupifupi mankhwala onse oyezera mu labotale amagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, zomwe zikusowa m'mabanki. Makina a mamiliyoni amatha kukhala phee pakona chifukwa chosowa kabotolo kamodzi.

Choncho okonza ayenera kuwerengera bwino: ndalama ya hotela ya kunyanja ndi matisheti ikadatha kubweretsa akatswiri angati a mu labotale a m'zipatala za m'maboma? Ngati kampani yogulitsa makina kapena mankhwala yathandizapo, dzina lake lilembedwe poyera, ndipo isasankhe olankhula. Alendo ena a kunja angathe kulankhula kudzera pa intaneti, tikiti ya ndege n'kupulumuka.

Alankhula ndani, m'chinenero chanji?

Pulofesa wotchuka wochokera ku Liverpool kapena ku Baltimore amakopa anthu, ndipo ubale ndi sukulu za kumeneko wabala zipatso zambiri. Koma yemwe amadziwa tsiku lomwe firiji idazima, ndi magazi omwe adaonongeka pa ulendo wochoka kumudzi, ndi katswiri wa mu labotale wa pa boma. Iyeyo, ophunzira a digiri yachiwiri ndi asayansi achizimayi apatsidwe nthawi yeniyeni, osati mphindi zomalizira anthu akutuluka.

Palinso anthu omwe adapereka magazi awo. Mukukumbukira mphekesera za anamapopa mu 2017 ku Mulanje ndi ku Phalombe, pomwe anthu ena adaphedwa ndipo bungwe la United Nations lidachotsako ogwira ntchito ake. Mphekesera zimamera pomwe palibe wofotokoza. Mayi yemwe adalola kuti mwana wake atengedwe magazi ali ndi ufulu womva, m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao, zomwe zidapezeka. Gawo limodzi la msonkhano likhale lotsegukira aliyense, lofikanso pa wailesi za m'madera, mafumu ndi makomiti a zaumoyo ali pompo.

Inu muonere pati?

Msonkhano wotere ukalengezedwa, onani zinthu zitatu. Kodi pa ndandanda pali akuluakulu a Unduna wa Zaumoyo omwe adzakhale mpaka mapeto, osati kungotsegulira n'kunyamuka? Kodi zomwe agwirizana zidzalembedwa mwachidule, ndi dzina la ofesi yomwe ichitepo kanthu komanso tsiku lake? Kodi pakatha chaka wina adzabwera kudzanena zomwe zachitika?

Ngati mudalowapo m'kafukufuku, muli ndi njira yofunsira. Pa chikalata cha chilolezo chomwe mudasaina pamakhala nambala ya ofufuza ndi ya komiti yoona za ufulu wa olowa m'kafukufuku. Imbani, mufunse kuti zotsatira zidatuluka liti ndipo adzakufotokozerani kuti. Mwana wosalira adafera mu mbereko.